Bambo ndi Phala la Matumbo

Bambo anafika kwanga pa boma la Kasungu atakwera pamwamba pa mabelo a fodya. Inali nyengo yogulitsa, misewu yonse yochokera kwa Kapelula ndi ku Chamama ili fumbi lokhalokha chifukwa cha malole. Lole imene anakwerayo inkapita ku okushoni, ndipo dalaivala anawatsitsa pafupi ndi sukulu imene ndinkaphunzitsa. Nditawaona akutsika ndinayesa munthu wina amene wabwereka jekete la bambo. Kolala ya shati inali itatalikirana ndi khosi moti dzanja likanatha kulowa pakati. Amayi anatsika pambuyo pawo ndi kathumba ka ufa komanso chitini cha mkaka chopanda kanthu, chimene poyamba sindinadziwe ntchito yake.

Ntchito yakeyo ndinaidziwa pa chakudya cha madzulo. Ndinali nditapha nkhuku, poti alendo anali makolo anga. Bambo anasamba m'manja, anapemphera monga mwa nthawi zonse, anatema kambamu kakang'ono ngati ka mwana, anakaviika mu msuzi, anakatafuna nthawi yaitali, n'kumeza. Kenaka anangoti duu, maso ali kukhoma, dzanja lili pachifuwa, ngati munthu amene akumvetsera phokoso lakutali. Amayi anali atakankhira kale chitini chija pafupi ndi mwendo wawo. Zonse zinabwerera, pamodzi ndi malovu onanda amene sankaduka. Bambo anapukuta pakamwa, anandipepesa chifukwa cha nkhuku yanga, n'kutuluka panja.

Amayi ndiwo anandifotokozera tikutsuka mbale. Zinayamba nthawi yothyola fodya. Poyamba inali nyama imene inkaima pachifuwa, ndipo bambo ankati ndi kutha kwa mano. Kenaka mbatata, kenaka nsima. Ankati mwina munga wa nsomba unawatsalira kummero. Amayi anawachonderera kuti apite kuchipatala, achimwene anga amene amalima nawo anawachonderera, koma iwo anakana kusiya fodya ali m'chigafa. Anasankha tsamba lililonse ndi manja awo, anamanga ndindi, anaimirira pa jeke yodindira mabelo mpaka belo lomaliza litasokedwa, ndipo apo m'pamene anavomera kukwera lole.

Bambo anga anali munthu wakudya. Sindikunena za umbombo. Ankalima fodya woumitsa m'zigafa kuyambira ndisanabadwe, ndipo fodya salola munthu kupuma chaka chonse: nazale kukutentha, kuwokera mvula ikagwa, kuthyola, kusoka, kupachika. Ankabwera kuchokera kumunda manja ali bii ndi utomoni wa masamba, n'kudya ngati anthu awiri, akuseka, akuyamikira amayi pamaso pa aliyense. Kumpingo, kumene anali mkulu, azimayi ophika pa zikwati ankadziwa kuti mbale yawo siibwerera ndi kanthu. Munthu ameneyo ndi amene tsopano ankayenda ndi chitini.

Kuchipatala cha pa boma anawayeza n'kutitumiza ku Lilongwe. Kumeneko anawalowetsa kachingwe ka kamera kukamwa, ndipo dokotala wina wachitsikana anatiitanira m'kachipinda, ine ndi amayi. Anati ndi khansa ya kummero, yakula kale, kudula sikungatheke. Chimene akanatha kuchita n'kuika kapaipi mkati mwa mmero kuti chakudya chizidutsa, koma odikira mapaipiwo anali ambiri. Sanatinamize. Anati tibwerere kunyumba adzatiimbira foni, ndipo tiyesetse kuti bambo asaonde kupitirira apo, chifukwa munthu wofooka kwambiri sapirira ngakhale kuikidwa kapaipiko. Amayi anafunsa kuti tiziwapatsa chiyani. Dokotala anati chilichonse chimene chingadutse.

Tinabwerera ku Kasungu n'kuyamba kufunafuna chimene chingadutse. Amayi ankalawirira kuphika phala la ufa woyera n'kulisefa pa kansalu. Tsiku lina linkadutsa masupuni angapo, tsiku lina ayi. Tinayesa thobwa losefa, mazira aawisi omenyera mu mkaka, mapeyala opota, ngakhale msuzi wa therere poganiza kuti kuterera kwake kuthandiza. Mnzanga wina wa kusukulu anabweretsa uchi wa ku Ntchisi. Chilichonse chatsopano chinkatipatsa chiyembekezo m'mawa, pofika masana chili m'chitini. Foni ndinkayenda nayo m'manja ngakhale m'kalasi, ndipo ikalira ndinkasiya choko pakati pa chiganizo, ana akundiyang'ana.

Chimene chinkandiswa mtima n'chakuti bambo chilakolako cha chakudya sichinawachoke. Odwala ena amakana okha kudya, koma iwo njala inkawapweteka tsiku lonse. Nyumba za aphunzitsi n'zoyandikana, ndipo aneba akamakazinga anyezi bambo ankakhala pakhonde atakweza mphuno. Ine ndi amayi tinasiya kudyera patebulo. Tinkadyera m'khitchini mobisala ngati akuba, mwachangu, chitseko chili chotseka, ndipo kenaka tinayamba kungogona nayo, poti chakudyacho sichinkakomanso. Tsiku lina nditaweruka ndinawapeza kuseri kwa bafa ali ndi kapepala ka nyama ya pachiwaya imene anatuma wa kabaza kukagula. Ankatafuna nthuli, kuyamwa msuzi wake, n'kulavulira pansi, agalu a aneba akudikirira. Atandiona sanabise.

"Ndimangofuna m'kamwa musaiwale, mwana wanga," anatero.

Azakhali anabwera kuchokera kwa Njombwa ndi nkhani yakuti matendawa ndi a anthu, poti fodya wa bambo anachita bwino kuposa wa ena onse m'mudzimo. Anasiya botolo la mankhwala akuda pawindo. Bambo anawakalipira, anati iwo ndi mkulu wa mpingo ndipo za asing'anga samwa. Abusa anabwera kudzapemphera, amayi a kumpingo anabwera kudzaimba. Botolo lija linakhalabe pawindo, palibe amene analitaya. Masana ena ndinaona kuti mankhwalawo atsika pang'ono, ndipo m'chitini munali zakuda. Palibe amene anafunsa mnzake.

Malo amene anadzatithandiza tinawapeza mwangozi. Tinkachokera kuchipatala kumene bambo anakaikidwa dilipi, ndipo anaumirira kuti tiyende pansi aoneko anthu. Titafika kuseri kwa msika, kumene kuli mashopu a zitsulo ndi ogulitsa ziguduli zomangira fodya, miyendo inawathera. Ndinawakhazika pa benchi ya pakhonde la kanyumba kena ka malata, ndipo nditakweza maso ndinazindikira kuti tili pamalo amene anthu ankati kwa Mchaina. Ndinkapadziwa ndi mbiri chabe. Kusukulu anzanga ankaseka kuti kumeneko amaphika achule ndi njoka, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadyako.

Mwini wake sanali Mchaina. Pambuyo pake ndinamva kwa iye mwini kuti kwawo ndi ku Vietnam, koma anatopa nako kuwongolera anthu. Anabwera ndi mwamuna wake amene ankagula mtedza ndi soya m'midzi ya ku Chamama. Mwamunayo anafa pa ngozi ya galimoto, iye n'kutsala, n'kutsegula kanyumbako. Anali mayi wamfupi, woonda, wa imvi zomangira kumbuyo, wovala chitenje pamwamba pa buluku. Chichewa chake chinali cha pamsika, chodukaduka koma chomveka. M'katimo munali matebulo aafupi ndi timipando ta pulasitiki, ndipo pakona panali mphika waukulu pa mbaula. Odya anali a kabaza, onyamula katundu, ndi abambo ena a maso ofiira amene ankaoneka kuti akuchotsa matsire. Fungo lake linali la jinja, anyezi wokazinga ndi nkhumba. Ndinaona bambo akulikoka ndi mphuno, ndipo ndinafuna kuwadzutsa kuti tichoke, poti fungo la chakudya linali litasanduka chizunzo kwa iwo.

Mayiyo anatuluka, anayang'ana bambo, anayang'ana chitini chimene ndinanyamula m'jumbo, n'kubwerera mkati osafunsa kanthu. Anabwera ndi bakuli la phala la mpunga, lamadzimadzi, lotuwa ngati dothi la kudambo. Pamwamba pake panali matumbo oduladula, chiwindi, mtima, chifu, kachidutswa ka uwende ndi masamba a anyezi. Anatola nyama yonseyo n'kuiika pa sosala. Phalalo analikhuthulira mu sefa, analitikita ndi supuni, anathiramo msuzi wina wotentha, n'kuliika pamaso pa bambo.

Bambo anaseka, ndipo panali patapita nthawi ndisanawamve akuseka. Anafunsa ngati kwawoko phala amathira ndiwo, poti kwathu phala ndi la shuga, apo ayi la mchere ndi nsinjiro basi. Mayiyo anati kwawo munthu akadwala, mayi akabereka, mwamuna akaledzera, amadya limeneli. Anawawongola msana ndi dzanja lake ngati mwana wa sukulu, n'kuwaonetsa kuti azitapa pamwamba, m'mphepete mwa bakuli, pamene payamba kuzizira.

"Pang'ono, abambo. Supuni theka. Dikira. Kenako ina."

Bambo anameza theka la supuni. Ine ndinali nditatsegula kale chitini pansi pa tebulo. Tinadikira. Dzanja lawo linapita pachifuwa, linakhala pamenepo, kenaka linatsika lokha n'kukagwiranso supuni. Anamezanso, n'kumezanso. Thukuta linayamba kutuluka pamphumi. Wa kabaza wina amene anakhala pafupi anasiya kudya n'kumangoyang'ana, ndipo bambo atafika pakati pa bakuli anawauza kuti alimbe madala, lithe limenelo. Silinathe, koma palibe chimene chinabwerera. Bambo anatenga kachidutswa ka chiwindi pa sosala, anakayamwa, anakaika m'mphepete mwa mbale mwaulemu, n'kutsamira khoma maso ali otseka.

Mayiyo anandikankhira sosala ija. Ndinati ndilibe njala. Anati nkhope yanga ikunena zina, ndipo anandibweretsera bakuli langa, lothira tsabola ndi ndimu. Ndinali ndisanadyepo matumbo a nkhumba ofewa choncho, osanunkha ngakhale pang'ono. Ndinadya pamaso pa bambo anga osabisala, misozi ikugwera m'phala, iwo akundiuza kuti ndiwonjezere tsabola.

Chimene chinachititsa kuti phala limenelo lidutse sindichidziwa mpaka lero. Mwina kunali kusungunuka kwake, mwina mafuta a msuzi, mwina chotupa chinali chitaphwako sabata imeneyo. Nthawi imeneyo sindinafune n'kudziwa komwe.

Amayi nditawauza, poyamba anagwada kuthokoza Mulungu. Atadzuka anafunsa kuti waphika ndani. Ndinawauza za mayi uja. M'mawa mwake anapita okha kumsika, anagula msere wa mpunga ndi matumbo a nkhumba, anatsuka, anaphika, anasefa. Phala lawo linali loyera, lonanda ngati ulimbo. Bambo anayesetsa, ndinawaona akuyesetsa chifukwa cha amayi, koma supuni yachiwiri inabwerera. Amayi anatenga mphikawo n'kukakhala nawo kuseri kwa nyumba. Nditawatsatira anandiuza, osandiyang'ana, kuti munthu ameneyu anayamba kumuphikira ali mtsikana wosadziwa n'kupeta komwe, ndipo lero mmero wake ukukana dzanja lawo n'kulola la mlendo. Anati ndiziwapititsa ineyo, iwo kumeneko sapondako.

Ndinayesa kukatenga phalalo m'kontena kuti bambo adyere kunyumba, koma pofika linali litalimba, ndipo lotenthetsanso silinkadutsa. Choncho nthawi ya buleki ikakwana ndinkathamangira kunyumba, kukweza bambo pa njinga yamoto, ine kumbuyo nditawagwira m'chiuno, chitini chili pakati pathu. Ahedi anandilola, anzanga ankandigwirira kalasi. Nthiti za bambo ndinkazimva kudzera m'jekete pa bampu iliyonse. Mayi uja ankatisungira kampando ka pafupi ndi khomo, ndipo a kabaza anazolowera kuwalonjera kuti madala a phala. Masiku ena bambo ankamaliza bakuli lonse n'kuyamba kuwaphunzitsa kusiyanitsa tsamba la fodya la pansi ndi la pamwamba. Masiku ena ankangomeza masupuni ochepa.

Pamalopo pankaphikidwanso zina. Panali timikate totalika toviika m'phala, nyama ya nkhumba yophika ndi mazira mu msuzi wakuda wotsekemera, ndi kabichi wowawasa wa m'botolo. Bambo anayamba chizolowezi chondiitanitsira zimenezi, chilichonse chimene aona pa mbale ya munthu wina. Ndikamadya ankandifunsa kuti zikukoma bwanji, ndifotokoze bwinobwino, kaya mafuta ake akusungunuka m'kamwa kapena ayi. Ndikangoti zikukoma ankakwiya, ankati mphunzitsi wanji wosowa mawu. Ndinkafotokoza, iwo akugwedeza mutu, kwinaku akutapa phala lawo losefa. Sikelo ya kuchipatala inasiya kutsika, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti tsiku la foni lija tilifika.

Kenaka kunagwa chigodola cha nkhumba m'midzi yozungulira, ndipo kupha ndi kugulitsa nkhumba kunaletsedwa. Tinafika tsiku lina n'kupeza mbaula ili yozima. Mayiyo anayesa ndi zam'kati mwa mbuzi, koma fungo lake linawatembenuza mtima bambo asanameze n'komwe. Anayesa ndi nkhuku zachizungu za m'mashopu, koma msuzi wake unali ngati madzi, ndipo bambo anameza pang'ono n'kukankha bakuli. Mayiyo anati pakufunika nkhuku yachikuda, yokalamba, ya mafuta achikasu. Koma nyengo ya malonda a fodya nkhuku zotere zimathera m'malesitilanti a pa depoti dzuwa lisanakwere. Ndinazungulira msika wonse, ndinakafika mpaka kumidzi ya kuseri kwa phiri, anthu akundiuza kuti zinatha ndi chitopa. Sabata imeneyo bambo anabwereranso pa dilipi. Ndinaimbira ku Lilongwe mobwerezabwereza mpaka namwino wina anandizolowera mawu, n'kumandiuza mofatsa kuti sanatiiwale, koma nthawi ya bambo siinakwane.

Amayi anali ndi thadzi lakuda limene achimwene anawatumizira kuchokera kumudzi, ndipo ankalisunga kuti liziikira mazira a bambo. M'mawa wina ndinawapeza atalimanga miyendo, iwo atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Anati ndiwatsogolere kwa mayi uja.

Titafika, azimayi awiriwo anayang'anana pakhomo. Amayi anapereka moni wautali wa kwathu atapinda maondo, mayi uja anayankha zimene anatha kuyankha, ndipo amayi anamutambasulira nkhuku ija ndi manja awiri.

"Mwamuna wanga akufa ndi njala, mayi. Ndionetseni mmene mumachitira."

Mayiyo analandira nkhukuyo, anaipima m'manja, n'kuwagwira amayi pamkono kuwalowetsa kuseri kumene ankaphikira. Ine ndinaima pakhomo. Amayi anapha ndi kusosola, iye anatsuka matumbo, nthutumba ndi chiwindi pogwiritsa ntchito mchere ndi ndimu. Anaotcha jinja ndi anyezi pa makala mpaka zitada, n'kuziponya mu msuzi. Kenaka anatenga mpunga wouma, anauthira m'chiwaya chopanda mafuta, n'kuyamba kuukazinga mpaka utasanduka wachikasu n'kumanunkhira. Amayi anasendera pafupi.

"Ngati mtedza?"

"Ngati mtedza. Ukakazinga, sunanda."

Amayi anamulanda mthiko n'kupitiriza okha. Pambuyo pake ndinamva mayiyo akuwauza kuti mwamuna wake anafera pamsewu asanadye chakudya cha m'mawa chifukwa anali pa changu, ndipo phala limene anamuphikira tsikulo analitaya madzulo. Amayi anangoti pepani, n'kumatakasabe.

Tsiku limenelo ndinakatenga bambo, ndipo anadya phala la nkhuku ya amayi pamalopo. Mawa lake amayi anaphika kunyumba ndi msuzi wotsala, atakazinga mpunga wawo, ndipo linadutsa. Anakhala pamphasa moyang'anana ndi bambo, akutsatira supuni ndi maso, milomo yawo ikuyenda ngati omeza ndi iwo. Bambo atamaliza anati mchere wachepa pang'ono. Amayi anawayankha kuti odwala sasankha, n'kutuluka panja mwachangu, ndipo ndinawamva akumina. Achimwene atamva anayamba kupemphetsa nkhuku kwa abale n'kumazitumiza m'dengu pa malole a fodya.

Zinatikomera kanthawi kochepa. Chakumapeto kwa nyengo yozizira mmero unatsekeka. Sunatsekeke pang'onopang'ono monga kale. M'mawa wina ngakhale madzi anabwerera, ndipo pofika masana bambo ankalavula malovu awo omwe chifukwa analibe kolowera. Amayi anaphika, anasefa kawiri, anasungunula mpaka phala linangokhala madzi a mpunga, koma ayi ndithu. Bambo anati tiwapititse kwa mayi uja, mwina kumeneko. Amayi sanatsutse. Anawaveka okha jekete.

Masana amenewo ndimawakumbukira kuposa tsiku la maliro. Nkhumba zinali zitaloledwanso, mphika waukulu uli pamoto, m'kanyumbamo anthu atadzaza. Mayiyo anasefa phala, anathira msuzi. Bambo anameza theka la supuni, linabwerera. Anapukuta pakamwa, anawongola msana, anayesanso. Linabwerera. Anayesanso. Ndinawagwira dzanja kuti asiye, ndipo anandikankha ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo. Anthu onse anasiya kudya. Wina anatuluka ndi mbale yake kukamalizira panja. Bambo anapitiriza mpaka chitini chinadzaza, ndipo supuni itapulumuka m'manja mwawo anayang'ana amayi n'kunena motsitsa mawu kuti ali ndi njala, ngati kuti amayi sakudziwa, ngati kuti pali chimene akuwamana.

Mayi uja anachotsa bakulilo. Anabwera ndi kansalu koyera, anakaviika mu msuzi, anakafinya pang'ono, n'kuwapatsa amayi. Amayi anakaika pa milomo ya bambo, iwo n'kumayamwa, kulavula, kuyamwanso. Ine ndinatuluka panja n'kuimba ku Lilongwe. Zimene ndinanena sindizikumbuka, koma ndikudziwa kuti ndinkafuula pakati pa ogulitsa ziguduli, anthu atandizungulira.

A ku Lilongwe anati tibwere nawo, awagoneke pa dilipi kumeneko kufikira mpata utapezeka. Tinanyamuka tsiku lomwelo pa minibasi, bambo atagona pamiyendo pathu. Mpata unapezeka patapita masiku angapo, chifukwa wodwala wina amene anali patsogolo pawo anamwalira nthawi yake isanakwane. Tinamva kwa mkazi wake, amene amayi ankagona naye moyandikana pamalo a magadiyani. Amayi anamuthandiza kumanga katundu, anamuperekeza mpaka pageti, n'kubwerera kudzasambitsa bambo kuti akalowe kukaikidwa kapaipi.

Kapaipi kanaikidwa. Tsiku lotsatira bambo anamwa tiyi wa mkaka kapu yonse, kenaka nthochi yopota, kenaka phala. Dokotala anatikumbutsa kuti matenda ali pomwepo, kapaipi kangotsegula njira. Bambo anamva, anathokoza, n'kufunsa kuti mwezi uno ndi uti. Atamva kuti tili mu Seputembala anati tiwapititse kumudzi, nthawi ya nazale yakwana, ndipo achimwene akakhala okha amafesa mothithikana.

Ine sindinafune. Ndinkafuna akhale kwanga, pafupi ndi chipatala. Amayi anati ndiwaleke, akhala pakhonde la aphunzitsi mokwanira. Tinawapititsa kwa Kapelula, ndipo ine ndinkapita Loweruka lililonse. Ndinkawapeza kudimba atawakhazika pa mpando pansi pa mtengo wa mango, akuloza ndi ndodo pamene achimwene sanathire madzi okwanira, pamene udzu wophimbira mabedi wachuluka. Amayi ankabwera ndi phala m'kambale kovundikira. Nkhuku za m'mudzimo zinkatha imodziimodzi, abale akubweretsa okha osapemphedwa. Bambo ankadya pang'ono, koma ankadya, ndipo njala ija inali itawachoka m'maso. Thupi lokha ndilo linkapitirira kutha. Ululu unasamukira kumsana, ndipo mankhwala amadzi amene tinapatsidwa ankawagonetsa nthawi yambiri.

Anamwalira kukutentha kwambiri, mvula isanagwe, mbande zitatsala pang'ono kufika powokera. M'mawa wa tsikulo anamwa phala, n'kuuza achimwene kuti ayambe kuchepetsa madzi kunazale kuti mbande zikhwime. Masana amayi anapita kukawatembenuza n'kupeza atapita.

Nditabwerera ku boma ndinakhala nthawi ndikuzemba njira ya kuseri kwa msika. Tsiku limene ndinalimba mtima n'kupita, ndinapeza mayi uja akutsuka matumbo m'beseni pakhonde. Anali atamva kale kwa a kabaza. Sanandipepese monga timachitira kwathu. Anapukuta manja pa chitenje, anandiyang'ana, n'kufunsa.

"Tsiku lomaliza, anadya?"

Ndinati anadya. Anagwedeza mutu, n'kufunsa za amayi, ngati ali ndi wowathandiza kumunda, ngati nawonso akudya. Ndinamuuza kuti amayi akana kubwera kudzakhala nane, akuti fodya amene watsala kunazale sangawokeredwe iwo kulibe. Anati ndikhale pansi. Ndinati belu la kusukulu latsala pang'ono kulira, ndipo sanandikakamize. Anabwerera pa beseni lake, ine n'kubwerera kukalasi, kumene ana anali atayamba kale phokoso.